KUDZICHEPETSA SI KWA MLONDA NDI MESENJALA OKHA

  Positi ya lero ndi yaitali, ndipo ena mukafika pakati mundibuloka. Palibe vuto. Bola muyambe mwawerenga.

Ine zanditopetsa mmene mawu oti kudzichepetsa tawasandutsira chikwapu chokwapulira anthu apansi. Lowani mu ofesi iliyonse, ya boma kaya ya kampani kaya ya mpingo, mumvetsere kuti amene amauzidwa kuti adzichepetse ndi ndani. Ndi mesenjala. Ndi mlonda wa pageti. Ndi mayi wokolopa, dalaivala, mtsikana wa m'nyumba. Akafunsa za malipiro ake amene achedwa masabata atatu, akuti ndi wamwano. Akanena kuti bwana apa nambala yalakwika, akuti wayamba kumera mapiko. Koma bwana amene amalowa pageti osatsitsa ngakhale galasi, amene bambo wa zaka 60 amamuitana kuti "iwe", amene msonkhano wa 8 koloko amafika 10 koloko n'kukhala pansi osapepesa, ameneyo palibe amamulalikira za kudzichepetsa. Ngakhale ife abusa timamusungira mpando wakutsogolo chifukwa envulopu yake ya chakhumi ndi yonenepa. Ndikunama?

Nde lero uthengawu ndikuutembenuza. Kudzichepetsa kumafunika kwambiri kwa munthu amene ali ndi mphamvu zosainira, zolemba anthu ntchito ndi kuwachotsa, chifukwa mlonda akadzikuza amene amavutika ndi anthu ochepa, koma bwana akadzikuza imagwa ndi kampani yonse, ndipo nthawi zina anthu amafa.

Inde, ndati amafa. Ndikutengereni kutali kaye.

Pa 27 March 1977, tsiku Lamulungu, bomba linaphulika pa bwalo la ndege la chilumba cha Gran Canaria, chimodzi mwa zilumba za dziko la Spain zimene zili m'nyanja ya Atlantic kufupi ndi gombe la Africa. Ndege zambiri anazipatutsira pa kabwalo kakang'ono ka Los Rodeos, pa chilumba cha Tenerife. Pakati pa ndegezo panali zikuluzikulu ziwiri za Boeing 747, ina ya KLM ya ku Holland, ina ya Pan Am ya ku America. Amene ankayendetsa ya KLM anali Kaputeni Jacob Veldhuyzen van Zanten. Uyu sanali munthu wamba ayi. Anali mkulu wophunzitsa anzake kuyendetsa ndege zamtunduwu pakampanipo, ndipo nkhope yake ndi imene KLM inkaika pa zotsatsa malonda. Wothandizira amene anakhala pambali pake tsiku limenelo, mayeso ake a 747 anamuyesa ndi kaputeni yemweyo miyezi yochepa m'mbuyomo. Mwaiona nkhani yake? Mphunzitsi ali pampando, wophunzira wake ali pambali.

Madzulo kunatsika chifunga, moti munthu sakanatha kuona kutali. Ndege ya Pan Am inali ikuyendabe pang'onopang'ono pa msewu womwewo wonyamukirapo ndege. Kaputeni wa KLM anali pa changu, chifukwa malamulo a maola ogwira ntchito akanamukakamiza kugona konko ndi anthu onse aja akanachedwa kwambiri. Anayamba kuwonjezera moto wa injini. Wothandizira uja anamuuza kuti dikirani, chilolezo sitinalandire. Anadikira pang'ono. Koma wothandizirayo ali mkati mobwereza pa wailesi malangizo ochokera kunsanja, kaputeni anamasula mabuleki, ndege n'kuyamba liwiro. Injiniya amene anakhala kumbuyo kwawo anamva zinazake pa wailesi, ndipo anafunsa ngati ya Pan Am ija inalidi itachoka panjira. Kaputeni anayankha motsimikiza kuti inde yachoka. Palibe anabwerezanso funsolo.

Patangopita masekondi ochepa ndege ziwirizo zinawombana. Anthu 583 anafa. Mu ndege ya KLM munali anthu 248, palibe ndi mmodzi yemwe amene anapulumuka. Mpaka lero palibe ngozi ya ndege imene inapha anthu ochuluka chonchi.

Ndisakunamizeni kuti chifukwa chinali chimodzi. Panali chifunga, mawu pa wailesi anasokonezana, ndipo mawu ena amene ankalankhulana ndi nsanja anali omveka pawiri. Koma ofufuza anapeza kuti kaputeni ananyamuka alibe chilolezo, ndipo analembanso kuti mwina kutchuka kwake n'kumene kunachititsa awiri aja kuti asalimbikire kumutsutsa. Munthu wodziwa chonchi angalakwitse bwanji? Choonadi chinali m'chipinda chomwecho, pakamwa pa munthu wapansi, koma mpando wa bwana unali wautali kwambiri moti sichinathe kukwera.

Kuchokera pa ngozi imeneyi ndi zina zofanana nayo, makampani a ndege anayambitsa maphunziro otchedwa Crew Resource Management. Mwachidule, wamng'ono amaphunzitsidwa kulankhula momveka akaona choopsa, ndipo kaputeni amaphunzitsidwa kufunsa ndi kumvetsera. Ndi mbali ya ntchito, munthu amayesedwa nayo. Abale anga, anthu a ndege sanaphunzire kudzichepetsa pa kuseda. Anaphunzira powerenga mitembo. Nanga ife amene Baibulo lili m'manja tsiku ndi tsiku, tikudikira chani?

Mwina mukuti, Abusa, ine sindiyendetsa ndege. Zoona. Koma mumayendetsa wodi ya amayi oyembekezera, ndipo namwino amene wabereketsa kwa zaka 25 akakuuzani kuti dokotala mayi uyu sindikumumvetsa, mumamuyang'ana ngati watukwana. Mumayendetsa saiti ya zomangamanga, ndipo mmisiri wachikulire akakuuzani kuti simenti iyi yachepa pa mchenga uwu, mumamufunsa kuti dipuloma yake anaitenga kuti. Mumayendetsa sukulu. Mumayendetsa shopu. Ena mumayendetsa unduna. Aliyense wa inu ali ndi injiniya wake kumbuyo amene akuona chimene inu simukuchiona. Funso ndi lakuti, munam'pangitsa kuti azitha kubwereza kachiwiri, kapena munam'phunzitsa kale kuti akatsegula pakamwa aona zakuda?

Tsegulani 2 Mafumu chaputala 5, mukawerenge nokha kunyumba. Namani anali mkulu wa asilikali a Siriya, munthu wamkulu pamaso pa mfumu yake, koma pansi pa yunifolomu panali khate. Amene anadziwa kumene kunali thandizo sanali mfumu, sanali asing'anga a ku Damasiko. Kanali kamtsikana kakapolo kochokera ku Israeli, kantchito ka mkazi wake, kamene ngakhale dzina lake silinalembedwe. Tinene kuti kamtsikana ka m'nyumba, kotsuka mbale. Namani ananyamuka ndi akavalo, magaleta, siliva, golide ndi zovala. Atafika pakhomo pa Elisa, mneneri sanatuluke n'komwe. Anangotuma munthu kuti akamuuze kuti akasambe kasanu ndi kawiri mu Yorodano. Bwana anapsa mtima. Ine? Osandilandira? Mitsinje ya kwathu si yabwino kuposa matope amenewa? Anatembenuka kuti azipita, ndi khate lake lomwe.

Apa ndi pamene ndimakonda. Amene anamubweza ndi antchito ake omwe. Anamuyandikira ali chikwiyire, n'kumulankhula mwaulemu kuti akanakuuzani chinthu chovuta mukanachita, nanga kusamba chabe? Taganizani. Mkulu wa asilikali wakwiya, lupanga lili m'chiuno, koma antchito ake sakuopa kumuyandikira. Zimenezi sizingochitika tsiku limodzi. Zikutanthauza kuti pamoyo wake wa tsiku ndi tsiku Namani anali atasiya kakhomo kotsegula. Kunyada anali nako, koma makutu anali asanatsekeke. Machiritso ake anadutsa pakamwa pa antchito kawiri konse. Akanakhala ngati mabwana ena amene ndikuwadziwa, kamtsikana kaja kakanangokhala chete n'kumatsuka mbale zake, iye n'kufa ndi khate ali ndi nyota paphewa.

Ndipo musaiwale Rehobowamu pa 1 Mafumu 12. Anthu anabwera kudzapempha kuti goli la ntchito lipepukeko. Akuluakulu amene anatumikira bambo ake anamulangiza kuti awayankhe bwino. Iye anasankha malangizo a anzake okulira limodzi, aja omuuza zimene akufuna kumva. Anayankha mwaukali. Mafuko khumi anamuchokera, ndipo mkulu woyang'anira ntchito yathangata amene anamutuma anaponyedwa miyala mpaka kufa. Msonkhano umodzi, yankho limodzi, ufumu unang'ambika.

Tsopano tibwerere kwathu. Matendawa tinawatenga kuti?

Mbali ina tinawatengera kwa atsamunda. M'minda ikuluikulu ya ku Chiradzulu, Thyolo ndi Mulanje, makolo athu ankagwira thangata, ndipo munthu wakuda akakumana ndi mzungu panjira ankayenera kuvula chipewa. Nkhani ya chipewayi inali imodzi mwa madandaulo amene anamveka pa kafukufuku amene anachitika atatha kuukira kwa Abusa John Chilembwe mu January 1915. Umenewo sunali ulemu, unali mantha ovala chovala cha ulemu. Atsamunda atapita mu 1964, tinalowa mu zaka 30 za ngodya zinayi: umodzi, kukhulupirika, kumvera ndi kusunga mwambo. Mawu abwino onsewo, sindikuwanyoza. Koma amene munalipo mukudziwa kuti kufunsa funso kwa wamkulu nthawi imeneyo kunali kudziputira tsoka. Mu June 1993 tinavotera zipani zambiri, koma mu ofesi zathu zambiri chipani chidakali chimodzi, ndipo pulezidenti wake wamuyaya ndi bwana. Mzungu anapita, koma chipewa tikuvulitsanabe tokhatokha.

N'chifukwa chake munthu akangokwezedwa, chinthu choyamba kusintha ndi mayendedwe. Dzulo mumadyera limodzi chipisi pa chiwaya, lero akuti mudutsire kwa sekilitale. Pa rodibuloko wapolisi akamufunsa laisensi, yankho lake ndi "kodi ukundidziwa?" Pa kalata ya ukwati mukaiwala kulemba Dr. kapena Hon. kutsogolo kwa dzina, sabwera. Makolo ananena kale kuti ukakwera pamsana pa njovu usamati pansi palibe mame. Kontilakiti imatha. Boma limasintha. Mabungwe amapakira katundu n'kubwerera kwawo ndalama za pulojekiti zikatha. Ndawaona ndi maso angawa anthu amene ankatsegulidwira chitseko cha galimoto, lero akulimbirana mpando wa minibasi ku Wenela, ndipo kondakitala akuwauza kuti "madala sunthani".

Ndipereke umboni wanga. Ndisanalowe mu utumiki ndinagwirako ntchito ya ukalaliki mu nyumba yosungira katundu pa kampani ina ku Limbe. Dzina sinditchula. Tinali ndi bambo wina wachikulire amene anakhala pamenepo zaka zoposa makumi awiri, sukulu analekezera ku pulaimale, koma thumba la chimanga akangolipisa dzanja amakuuzani ngati lauma kapena ayi. Kunabwera manejala watsopano, digiri yake ikadali yotentha. Chimanga chitafika chambiri, analamula kuti matumba asanjidwe pa simenti penipeni mpaka kukhudza khoma, kuti malo akwanire. Bambo aja anavula kapusi, n'kunena mwaulemu kuti bwana, tiike kaye matabwa pansi, tisiyenso mpata kukhoma, chifukwa pansi pano pamatuluka chinyezi mvula ikayamba, ndipo chimanga china chabwera chisanaumitsitse. Ndimakumbukira yankho lake mpaka lero. Anati, "Madala, inu munalembedwa kuti muzinyamula, kuganiza musiyire ife." Anthu anaseka, kuja kuseka kosangalatsa bwana.

Pofika February fungo linayamba kumveka pakhomo. Titagumula mulu, mizere yapansi yonse inali yakuda, yomata, chuku chokhachokha. Matumba ambirimbiri anatayidwa. Mukudziwa amene anapatsidwa kalata? Bambo omwe aja, akuti sanasamale katundu. Ife amene tinamva zimene analankhula tsiku lija tinaperekera umboni, koma mawu a kalaliki ndi wonyamula matumba sankalemera pa sikelo ya kampani imeneyo. Anapita kwawo ndi kachikwama kapulasitiki. Manejala uja anakhalabe, ndipo kuyambira tsiku limenelo palibe wantchito anamuuzanso kanthu. Denga likadontha, timangoyang'ana. Sikelo ikamanama, timangoyang'ana. Ankaganiza kuti wapeza ulemu. Chimene anapeza ndi anthu ongomuonerera akulowera kuphompho. Chaka chisanathe nayenso anamuonetsa geti.

Ndikudziwa zimene mabwana mukunena mumtima. Mukuti, "Abusa simukuwadziwa anthu a kuno. Ukangowasekerera amakukwera pamutu." Ndamva. Koma ine sindinati muzisekerera ulesi kapena kuba. Wochedwa muuzeni kuti wachedwa. Wakuba achotsedwe. Mose anali mtsogoleri wa khamu lonse lija, ankaweruza milandu, ankadzudzula, koma pa Eksodo 18 mpongozi wake Yetero atamuuza kuti mmene ukugwirira ntchitomu udzitopetsa wekha ndi anthu omwe, gawira ena, Mose anamvera. Munthu amene analankhula ndi Mulungu paphiri analandira malangizo a kayendetsedwe ka ntchito kwa mkulu woweta ziweto wa ku Midiyani. Utsogoleri wake sunachepe. Chimene inu mukuopa si kukweredwa pamutu. Mukuopa kuti tsiku lina wina adzazindikira kuti pali zimene simukuzidziwa. Ndikuuzeni chinsinsi: akudziwa kale. Amakambirana pa nthawi ya nkhomaliro.

Kunena kuti "apa sindikudziwa, tandiuzani" sikunachotsepo munthu pampando. Kunena kuti "ganizo ili linali la mnyamata uyu" pamaso pa bodi sikunachepetsepo malipiro a munthu. Koma taonani mmene timaberana nzeru. Mtsikana wagona 2 koloko usiku kulemba lipoti, bwana wangosintha tsamba loyamba n'kuikapo dzina lake, ulendo wa ku semina ku Mangochi n'kupita yekha ndi alawansi yomwe. Lamulungu ali kutsogolo manja m'mwamba. M'bale, kumeneko ndi kuba, ngakhale ukuimba mu kwaya.

Tsopano ndibwere kwa inu antchito, musaombe m'manja msanga.

Pali chinthu china chimene mumachitcha kudzichepetsa koma ndi kunyambita. Bwana akanena nthabwala yosaseketsa, inu mpaka misozi. Akalakwitsa, "mwalasa bwana". Akatuluka, mumamudya miseche mpaka fupa. Mumanyamula nkhani za anzanu kupita nazo ku ofesi yake kuti akukondeni. Kumeneko si kudzichepetsa ayi, ndi malonda. Mukugulitsa ulemu kuti mugule promoshoni. Gehazi, mu nkhani yomwe ija ya Namani, anali mtumiki wooneka womvera, woyankha bwino pamaso pa mbuye wake, koma mtima unali pa siliva ndi zovala. Anathera khate.

Ndipo pali china choopsa kuposa apa: kusainira chinthu chimene mukudziwa kuti n'chakuba chifukwa "bwana anena". Tonse tikukumbukira Cashgate mu 2013, pamene mabiliyoni a makwacha anatuluka ku Capital Hill kulipira makampani amene sanagwire ntchito iliyonse, mpaka maiko otithandiza anaimitsa thandizo lawo la bajeti. Amene anamva kuwawa ndi mayi wa kumudzi amene anapeza chipatala chilibe mankhwala. Ndalama sizituluka zokha m'boma. Pepala limadutsa m'manja angapo. Ndimadzifunsa kuti ndi angati anaona kuti apa sipali bwino koma anati ine ndine wamng'ono, ndingatani. Wokondedwa, ukaweramitsa mutu pamene ukuyenera kukana, sunadzichepetse, wangosankha kuopa munthu kuposa Mulungu. Danieli anali wantchito waulemu m'boma la Babulo, koma panali mzere umene sanadumphe. Yosefe anali kapolo womvera m'nyumba ya Potifara, koma tsiku lija anathawa n'kusiya malaya. Munthu wodzichepetsa amatha kunena kuti ayi ndi mawu ofatsa, ali chiimire.

Komanso kufunsa zimene ndi zako si mwano. Dziko lino lili ndi malamulo. Employment Act ya chaka cha 2000 imanena kuti munthu asachotsedwe ntchito popanda chifukwa chomveka, ndipo ngati akumunena za khalidwe kapena kagwiridwe ka ntchito, apatsidwe mpata wodziteteza. Lamulo la penshoni limene linabwera mu 2011 linaika kuti olemba ntchito aziika 10 peresenti, wantchito 5 peresenti. Kuli ofesi ya zantchito m'maboma, kuli khoti la Industrial Relations. Ngati akukudulani ya penshoni koma sakuipereka kumene ikuyenera kupita, kufunsa si uchimo. Aliyense wokuuzani kuti Mkhristu weniweni amangokhala chete n'kusala kudya, mufunseni ngati iyeyo malipiro ake anachedwapo.

Apa ndilankhule ndi amayi anga a mu mpingo, ndipo mundikhululukire. Anabwera mayi wina kuti ndimupempherere, akuti kuntchito amupondereza, promoshoni yake yakhala ikudumphidwa, bwana wake samuyamikira. Misozi mbwee. Kumbuyo kwake kunali kamtsikana kanyamula mwana kumsana, chikwama kudzanja, kataima nthawi yonseyo. Ndinati kakhale pansi, mayi aja akuti "asiyeni Abusa, ndi wantchito". Nditafunsitsa, kanali katatha miyezi itatu osalandira, kamagona kukhitchini, kamadya anthu onse akamaliza. Ndinawauza kuti mayi, pemphero ndipemphera, koma muyambe mwakalipira mwanayu. Mukufuna Mulungu afewetse mtima wa bwana wanu pamene inu ndinu Farao wa kamtsikana aka? Sanabwerenso ku tchalitchi kwathu. Ndimawapemphererabe.

Achinyamata amene mwangotuluka ku Chancellor, ku Poly, ku Bunda, ku Mzuni, ndimakunyadirani. Sukulu ndi yabwino, ana anga omwe ndikuwakakamiza. Koma pepala limakulowetsani pakhomo basi. Mkati muli anthu amene akudziwa kuti makina awa akayamba kulira chonchi ndiye kuti lamba watsala pang'ono kuduka, kuti kasitomala uyu salipira ukamutumizira kalata koma ukamuyendera, kuti mfumu ya mudzi uwu ukafika osadzera kwa nduna zake pulojekiti yafa. Zimenezo mulibe mu silabasi. Safunsa anadya phula. Miyezi isanu ndi umodzi yoyamba, tsekani pakamwa pang'ono, tsegulani makutu, mugulireko fanta dalaivala wa kampani mumufunse mmene zinthu zimayendera. Ndipo ntchito yoyamba ikakhala yaing'ono musainyoze. Anzanu ku Joni ndi ku UK ali ndi madigiri awo koma akugwira m'magaladeni, akusamalira okalamba, akutumiza ndalama kumudzi, nyumba zikumangidwa. Inu muli pakhonde pa amayi anu chaka chachitatu, akuti "ine sindingagwire ntchito yotero". Kunjako mungaigwire, kwanu kuno ayi, chifukwa anthu akuonani. Ndiye kuti vuto si ntchitoyo, vuto ndi maso a anthu.

Koma nanunso achikulire a pantchito, mwana akabwera ndi njira yatsopano ya pa kompyuta imene ikuchita mu mphindi khumi zimene inu mumachita masiku awiri, musamuuze kuti "ife tinayamba iwe usanabadwe". Kukhalitsa si kudziwa zonse. Khalani pambali pake akuphunzitseni.

Ndatsala ndi gulu limodzi, ndipo ndi lathu. Atumiki a Mulungu anzanga, utumiki ndi ntchitonso, ndipo tili ndi antchito. Tili ndi oimba kiyibodi, madalaivala, alonda, abusa achichepere a m'nthambi. Timawatenga bwanji? Munthu ali ndi manja awiri athanzi, koma Baibulo amunyamulire wina, kathaulo wina, madzi wina, foni wina. Anthu akugwada pansi polankhula naye ngati afika kwa Gomani. Mayina akuchulukirachulukira, Mtumwi, Mneneri Wamkulu, Dokotala, Papa, mpaka positala kusowa malo olembapo tsiku la msonkhano. Mkulu wa mpingo akafunsa kuti ndalama za denga zija zili pati, akuti ali ndi mzimu wa kuukira, akukhudza wodzozedwa. Mnyamata wa kiyibodi watumikira zaka zisanu osalandira ngakhale ya sopo, akapempha akuti alibe mtima wa utumiki, pamene Papa asintha galimoto kachitatu. Kodi amene timamulalikira uja, usiku womaliza ndi ophunzira ake, sanamange chopukutira m'chiuno n'kugwira beseni? Mapazi a asodzi oyenda m'fumbi, ndi a Yudasi omwe. Petro atalakwitsa ku Antiokeya, Paulo anamudzudzula pamaso pa anthu, ndipo mpingo sunagwe. Ife tinatenga kuti udzodzo umene sufunsidwa funso?

Mabwana a Lolemba amaphunzira kwa abusa a Lamulungu. Akaona kuti pa guwa munthu wamkulu safunsidwa, amakachita zomwezo ku ofesi, ndipo amaganiza kuti ndi zauzimu. Kwathu kuno ndinawauza akulu a mpingo kuti buku la ndalama liziwerengedwa pamaso pa anthu miyezi itatu iliyonse, ndipo aliyense, ngakhale mayi wosesa, ali ndi ufulu woimika dzanja. Mafunso ena amawawa, sindikubisirani. Koma wakutsina khutu ndi mnansi.

Wina alemba pansipa kuti, "Abusa, ine ndinadzichepetsa zaka khumi, anakwezedwa ndi ena." Sindikunamizani kuti aliyense wofatsa adzakhala manejala pofika December. Uthenga umenewo mukaupeze kwina. Dziko lino lili ndi kukondera, lili ndi zoti uyu ndi wakwathu, uyu ndi wachipani. Yosefe anamasulira loto la woperekera chikho, munthuyo atatuluka m'ndende anamuiwala zaka ziwiri zathunthu. Zimachitika. Komanso muonetsetse kuti zimene mukuzitcha kudzichepetsazo si kubisala. Ntchito ikalengezedwa, lembani kalata. Pa intavyu nenani zimene munachita, momveka, osawonjezera osachotsera. Davide atafunsidwa ndi Sauli sananene kuti ine ndine kanthu kachabe, ananena za mkango ndi chimbalangondo zimene anapha, chifukwa zinali zoona. Kunena zoona za luso lako si kudzikuza. Kudzikuza ndi kuganiza kuti lusolo likukupatsa chilolezo choponda anzako.

Sabata yamawa Lachitatu pa pemphero la masana tidzapempherera onse amene ali pa ntchito ndi amene akufuna ntchito. Bwerani ndi makalata anu, tidzawasanjika manja. Koma mabwana ndi madona amene mukubwera, amene muli ndi ngongole ya malipiro a mlonda, wa m'galadeni kapena mtsikana wa m'nyumba, mudzayambe mwalipira, ndipo mudzabwere nawo limodzi adzakhale pa mpando womwe inu mwakhalapo. Ndidzafunsa pakhomo.

Amene mwafika mpaka pano lembani Amen, ndipo mutumizireko bwana wanu ngati muli ndi mtima. Shalom.